Malikisi Amene Ndinapatsa Jafali

Chowe, zaka zoyamba

Ana anga, za ubwana wanga ku Nkhudzi mukuzidziwa kale. Agogo anu anali msodzi, ine ndinali mwana amene ankasanza m'bwato, choncho anandisiya ku sukulu. Ndiyambira pamene ndinalandira kalata yonditumiza ku sukulu ina ya pulayimale ku Chowe. Ndinafika ndi sutikesi, mphasa ndi mabolopeni awiri ofiira. Ku maphunziro a uphunzitsi anatiuza chinthu chimodzi chimene ndinachigwira ngati lamulo la ku tchalitchi: kope la mwana amachonga ndi mphunzitsi, liwu ndi liwu, ndipo kope lopanda inki yofiira ndi umboni wa ulesi. Ku Chowe zimenezi zinkatheka, chifukwa ana anali ochepa ndipo kalembedwe ka aliyense ndinkakadziwa. Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakwatira amayi anu konko, ndipo ndinachokako ndi mbiri yoti ndine wolimba pochonga. Mbiri imeneyi ndinkainyadira kuposa mmene inayenera.

Chiponde, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Anandisamutsira ku sukulu ina pafupi ndi malire nkhondo ya ku Mozambique ili pakati. Anthu ankawoloka tsiku ndi tsiku, mitolo pamutu, mbuzi kutsogolo. Ambiri sanapite ku misasa ya othawa nkhondo, chifukwa mbali zonse ziwiri za malire ndi Ayao a mabanja omwewo. Munthu ankangofikira kwa amalume ake n'kupatsidwa pomanga kanyumba, ndipo Lolemba lotsatira ana ake ali pamzere kusukulu. Kenaka aphunzitsi anzathu ochokera kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo tinatsala ochepa. Ine ndinapatsidwa Sitandade 8, ana oposa zana m'chipinda chimodzi, ena atakhala m'mawindo. Choko chikatha tinkalemba pabolodi ndi chinangwa chouma. Makope ankawadula pakati kuti abale awiri agawane. Chingerezi kwa ana amenewa chinali chilankhulo chachitatu, pambuyo pa Chiyao ndi Chichewa, ndipo kwa owoloka malire chinali chachinayi, chifukwa kwawo anayamba sukulu m'Chipwitikizi.

Ahedi athu anali a Mbwana, amene anthu a m'mudzi ankawatchula Che Mbwana. Anali munthu wachilungamo, wosunga nthawi, koma woopa ofesi ya maphunziro ku boma kuposa china chilichonse. Ankandikonda chifukwa cha mbiri ya ku Chowe ija, ndipo anandiuza kuti apereka dzina langa kuti ndikhale wachiwiri wawo. Komabe chimangirizo chimodzi cha kalasi lonse chinkanditengera milungu iwiri kuchonga. Kope likamabwerera kwa mwini wake, mwanayo anali ataiwala zimene analemba. Ndinaona kuti ana akulemba kawiri pa teremu, pamene mayeso amafuna munthu wozolowera kulemba. Choncho Lachisanu lina ndinawauza kuti asinthane makope, aliyense achonge la mnzake, ndipo mwini kope alembenso pansi malikisi amene iye akuganiza kuti ayenera kupeza.

Zimene zinatuluka zinandikwiyitsa. Anyamata ena anapatsana malikisi onse, ngakhale pa ntchito yosamveka. Makope ena anabwerera osakhudzidwa n'komwe. Lina mwa amenewa linali la Jafali, mnyamata wothawa nkhondo, wamkulu kuposa onse m'kalasimo, wa zaka pafupifupi makumi awiri. Ndinafunsa amene anapatsidwa kopelo, kamnyamata kotchedwa Yusufu, kamene kanali koyamba pa Chingerezi.

"Bwanji sunachonge?"

"Sindingathe, sala."

"Sungathe kuwerenga?"

"Kuwerenga ndawerenga. Koma Che Jafali ndi alombwe anga."

Ine wa ku Nkhudzi, Mkhristu, za jando, chinamwali cha anyamata a Chiyao, ndinkangozimvera patali. Anandifotokozera mlonda wa pasukulu tsiku lomwelo. Anyamata akalowa ku jando, aliyense amakhala ndi lombwe, wamkulu womusamalira ndi kumulanga masiku onse a kuthengo. Chilimwe chapitacho Jafali anali lombwe wa anyamata angapo a m'kalasi langa. Mwana amene munthu anamusambitsa ndi kumudyetsa ku ndagala, komwe amagonera a jando, sangatenge bolopeni n'kukhwatcha mawu ake. Ndiponso amene analowa limodzi sachititsana manyazi pagulu. Ine ndinagawa makope motsata mmene anakhalira pamabenchi, osadziwa kuti anakhala motsata ndagala zawo.

Nkhaniyi inafika kwa a Mbwana Lolemba. Anandiitana mu ofesi n'kutseka chitseko.

"A Mwale, ndamva kuti mwalemba ntchito aphunzitsi zana limodzi. Boma likudziwa?"

"Makope achuluka, ahedi."

"Achuluka kwa tonse. Oyendera sukulu akabwera n'kupeza kuti ana akuchongana okha, adzati pano palibe hedi. Kuchonga ndi kwa mphunzitsi. Ndisadzamvenso zimenezi."

Ndinavomera, koma sindinasiye zonse. Malikisi ndinawabwezera m'manja mwanga. Chimene ndinasunga mwakachetechete chinali ichi: Lachisanu lililonse mwana ankawerenga chimangirizo cha mnzake, n'kutseka kope, n'kufotokoza m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene wamva. Sankakonza kanthu, sankapereka malikisi. Mwini kope yekha ndiye ankalembabe pansi malikisi odzipatsa. Wamng'ono sangadzudzule wamkulu, koma kunena kuti "ndamva zakutizakuti" si mwano. Ngati wowerenga wasokonezeka, mwini kope ankaona yekha pamene panasokonekera, ndipo ankakalembanso. Ana anayamba kulemba mlungu uliwonse. Ine ndinkachonga zimene ndikanatha.

Teremu yachiwiri, chaka chomwecho

Pasukulu pathu panali chizolowezi choti asanatumize maina a olemba mayeso a Sitandade 8, ahedi ankachotsa ofooka kuti abwereze. Olephera akachuluka, a ku boma ankakalipira hedi pamaso pa anzake. Chingerezi ndicho chinkagwetsa ambiri, choncho a Mbwana anandiuza kuti ndiwapatse maina a amene sadzatha. Ndinapereka chimangirizo chomaliza choti ndiyezere: aliyense afotokoze mmene amagwirira ntchito ina imene akuidziwa bwino. Yusufu analemba za kuphika keke mu uvuni, m'Chingerezi chosalala chimene anachiloweza m'buku lakale. Jafali analemba za kukonza njinga yophulika pamene munthu uli kutali, wopanda guluu. Tsamba lake ndinalifiiritsa lonse. Mawu ambiri anawalemba monga amamvekera kwa munthu wophunzira Chipwitikizi, ndipo ndinawerenga zolakwazo, osati nkhaniyo. Pansi pake iye mwini anadzipatsa malikisi otsika kuposa anga. Masamu ankakhoza bwino, koma ndinati Chingerezi chidzamugwetsa. Ndinalemba dzina lake pa obwereza, ndipo a Mbwana anasaina.

Ndinkadziwa tanthauzo lake. Amalume ake a Jafali, amene ankamusunga, anali atandiuza kale pamsika kuti: "Mwalimu, uyu wakula. Chaka chino akalemba mayeso, alembe. Akapanda kulemba, njinga ilipo." Njinga imeneyo inali yonyamula mchere ndi sopo kuwoloka malire kudzera m'njira za kuthengo, n'kubwerako ndi chimanga. Masiku amenewo ena opita kumeneko sankabwerera. Kwa Jafali kubwereza kunalibe. Ndinadziuza kuti ntchito yanga ndi kuchonga moona, zinazo si zanga.

Nditawerenga mainawo m'kalasi, Jafali anangopinda kope lake n'kuliika m'thumba. Amene anatsalira ena atatuluka anali Patuma, mtsikana wolankhula mosaopa, amene ankakhala kutsogolo chifukwa cha maso.

"Sala, ndifunse?"

"Funsa."

"Za Che Jafali tikawerenga timamva zonse. Za Yusufu timangomva kuti ndi Chingerezi. Nanga wotsala akhala bwanji Che Jafali?"

"Mumamuyamikira chifukwa mumamuopa. Ndi lombwe wa theka la kalasi."

"Wa anyamata, sala. Ine ku ndagala ndinapitako liti?"

Ndinamuuza kuti azipita kwawo. Koma funsolo ndinapita nalo kunyumba. Ndinali ndi miyeso itatu: wanga unali wotsika, wa mwini wake unali wotsika, wa anzake unali wokwera. Wa anzakewo ndinautaya chifukwa cha jando, ndipo ndinali ndi chifukwa chomveka. Koma sindinafunsepo chifukwa chimene Jafali ankadzipatsira malikisi otsika. M'mawa mwake ndinamupeza akusesa kuseri kwa kalasi.

"Jafali, chimangirizo chija unadzipatsa zochepa. Unaona kuti n'choipa?"

Anasiya kusesa. "Ayi, sala. Ndinaona kuti chili bwino."

"Nanga bwanji unalemba choncho?"

"Ife ndife alendo kuno. Tikudya za eni, tikukhala pa benchi ya eni. Ndikalemba kuti ndakhoza kuposa mwana wa pano, zikamveka kunyumba amalume achita manyazi."

Pamenepo ndinaona kuti miyeso iwiri ya anawo yonse inali ndi mwambo mkati: wina wokweza, wina wotsitsa. Ndinataya wokwezawo n'kusunga wotsitsawo, chifukwa ndiwo unkagwirizana ndi wanga. Chinatsala n'kudziwa ngati wangawo unali woona.

Loweruka limenelo

Ndinakopera ndi dzanja langa zimangirizo zinayi, cha Jafali, cha Yusufu ndi zina ziwiri, zolakwa zonse monga zinalili, popanda maina. Kuseri kwa phiri kunali sukulu ya mishoni kumene Mayi Chisale, amene tinaphunzira nawo uphunzitsi, ankaphunzitsa Sitandade 8 Loweruka m'mawa. Ana awo sankamudziwa Jafali, ndipo ambiri anali Akhristu osadziwa za ndagala yake. Ndinapalasa njinga kupita kumeneko n'kuwapempha ana asanu ndi atatu, awiri pa pepala lililonse.

"Mukufuna achonge?" anafunsa Mayi Chisale.

"Ayi. Awerenge, atembenuze pepala, andiuze zimene amva."

"Ku Chiponde mwayamba zachilendo. Nkhondo yakulowani m'mutu?"

Awiri a keke anayamba. Anati pali ufa, pali mazira, kenaka anayang'anana. Wina anati mwina chinthucho amachiika m'bokosi lamoto. Sanadziwe choyamba n'chiti, chomaliza n'chiti. Awiri ena ndi awiri enanso anafotokoza theka la nkhani zawo. Kenaka anaimirira mtsikana ndi mnyamata amene anali ndi pepala la Jafali, ndipo mtsikanayo analankhula osapumira. Anati uyambe watembenuza njinga miyendo m'mwamba. Uchotse chubu, upope pang'ono, uchiyendetse pafupi ndi tsaya kuti umve pamene pakutuluka mpweya, chifukwa kuthengo madzi oviikamo kulibe. Ukapapeza, upinde pamenepo n'kumanga zolimba ndi legeni mbali zonse ziwiri. Pobowoka pakakhala papakulu, usataye nthawi, chotsa chubu chonse, upakire udzu wouma m'tayala mpaka lilimbe, ndipo ukwere pang'onopang'ono, katundu wolemera umuike kutayala labwinolo. Mnyamata uja anawonjezera kuti wolembayo wachenjeza kuti udzu wauwisi suyenera, umafota msanga ndipo tayala limaphwanso usanafike patali.

Ndinatenga pepalalo n'kuliwerenganso ndili chiimire. Zonse zinalimo, m'ndondomeko yomweyo, palibe chodumpha. Ine ndinaliwerenga kunyumba ndi bolopeni m'manja, ndipo sindinadziwe n'komwe kuti munali nkhani ya udzu.

Mayi Chisale anati, "Kalembedwe ka mawu n'koipa, a Mwale. Musadzinamize."

"N'koipa. Koma kwatsala miyezi inayi. Kalembedwe ka mawu ndingamukonze. Kuika maganizo pamzere chonchi, ena ndawaphunzitsa zaka ziwiri osatheka."

Pobwerera ndinakankha njinga pachitunda ndikuganiza za Lolemba. Mndandanda unali usanapite ku boma, koma unali utasainidwa. Kuti dzina libwerere ndinayenera kuuza a Mbwana zinthu ziwiri: kuti malikisi anga anali olakwa, ndiponso kuti ndadziwa zimenezi kudzera m'njira imene iwo anailetsa, imene ndakhala ndikuichita Lachisanu lililonse. Ndikanatha kunama kuti ndinalakwitsa powonkhetsa. Amayi anu anandifunsa za bodza limeneli Lamlungu titachoka ku tchalitchi, osati pondilimbikitsa, koma kuti adziwe ngati ndaliganizira. Ndinati ndaliganizira. Vuto lake linali loti pa obwereza panali ana enanso, ndipo ngati muyeso wanga unalakwa pa mmodzi, unayenera kuonedwanso pa onse. Bodza likanapulumutsa Jafali yekha n'kusiya bolopeni yanga ili yoyera. Amayi anu anati, "Ndiye za uchiwiri zija tiziiwale." Ndinati mwina.

Lolemba

Ndinalowa mu ofesi belu lisanalire, ndipo ndinanena zonse motsatana, kuyambira Lachisanu loyamba mpaka ulendo wa ku mishoni. A Mbwana anamvetsera osandidula. Nditamaliza anavula magalasi.

"Ndinakuuzani kuti ndisadzamvenso."

"Munandiuza, ahedi."

"Ndipo mwatenga ntchito ya ana a sukulu yanga kukaionetsa ku sukulu ya eni, ine osadziwa."

"Ndinatero. Pamenepo ndinalakwa."

"Pamenepo pokha?" Anavalanso magalasi aja. "A Mwale, ochonga mayeso a boma sadzaitana atsikana a ku mishoni kuti awafotokozere. Adzatenga bolopeni yofiira ngati yanu yomweyo. Mnyamatayu akalephera, ku boma adzafunsa ine."

"Akadzafunsa, mudzawaonetse kalata yanga. Ndilemba kuti ndinaumirira ndine."

"Kalata yanu ilowa m'failo yanu. Mukudziwa zimenezo? Ine sindingapereke dzina la munthu amene ndimamuuza china iye n'kuchita china."

"Ndikudziwa."

"Ndiye chifukwa cha mwana mmodzi, woti mwina mawa nkhondo ikatha abwerera kwawo?"

"Akabwerere ndi pepala, ahedi. Koma si mmodzi. Ndikupempha masiku atatu kuti ndionenso onse amene ndinawaika pa obwereza."

Anatsegula kabati n'kutulutsa mndandanda uja. Sanandipatse m'manja, anauika pathebulo. "Lachinayi m'mawa upita ku boma. Kalata yanu ndiifuna lero."

Ndinailemba pa nthawi yopuma. Masiku atatuwo ndinawerenganso makope a obwereza onse, koyamba ndilibe bolopeni m'manja, kachiwiri ndili nayo. Ambiri ndinapeza kuti ndinawayeza bwino, ndipo anabwerezadi. Atatu ndinawabweza pa olemba mayeso: Jafali ndi atsikana awiri. Yusufu sanachotsedwe, koma ndinamuletsa kulemba za zinthu zimene sanazionepo, ndipo anandikwiyira mwezi wathunthu.

Jafali ndinamuuza kuseri kwa kalasi konkuja. Sanathokoze msanga. Anafunsa kuti, "Ndiye ndichite chiyani, sala?" Ndinati tsiku lililonse akaweruka azitsala ola limodzi, ndipo tiziona mawu khumi okha, osapitirira. Ndinamuuzanso kuti kuyambira tsiku limenelo malikisi odzipatsa yekha azindiuza pakamwa, tili awiri, kuti asamveke kwa amalume. Anaseka koyamba chifikireni m'kalasi langa. Miyezi inayi imeneyo sanajombe ngakhale tsiku limodzi, ngakhale m'mwezi wa Ramadani pamene ankafika madzulo milomo itauma. Tsiku lina anabweretsa kope n'kunena kuti, "Ichi ndadzipatsa theka, sala, ndipo si ulemu." Ndinachonga n'kupeza theka lomwelo.

Chaka chotsatira

Uchiwiri unapita kwa mphunzitsi wina amene anabwera kuchokera ku boma. Kalata yanga inakhala m'failo, ndipo ndinadikira zaka zisanu ndi zitatu kuti dzina langa litchulidwenso. Sindikuwaimba mlandu a Mbwana. Ananena chimene adzachite, ndipo anachita chomwecho. Za Lachisanu sanaziletsenso, koma sanabwerenso kudzaona kalasi langa tsiku limenelo. Oyendera sukulu akamabwera, a Mbwana ankaonetsetsa kuti abwere Lachiwiri.

Zotsatira zinafika mvula itayamba. A Mbwana anandiitana mu ofesi, pepala lili m'manja. Mmodzi mwa atsikana awiri aja analephera, ndipo anayamba ndi dzina limenelo, kuliwerenga kawiri kuti ndilimve. Winayo anakhoza. Kenaka anatsitsa chala pansi pa tsamba.

"Munthu wanu wakhoza. Ku sekondale sanasankhidwe."

"Chingerezi?"

"Wadutsa pang'ono. Pang'ono kwambiri, a Mwale."

"Kudutsa ndi komweko, ahedi."

Anapinda pepalalo, n'kundiuza kuti amalume ake a mnyamatayo ali panja kuyambira m'mawa, ndipo popeza ndinayambitsa ndine, ndipite ndikawauze ndekha.

Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango, Jafali ataima kumbuyo kwawo. Nditawauza, bamboyo anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati pepalalo lidzakhala ndi chidindo cha boma. Ndinati lidzakhala nacho. Anati ku chipatala chaching'ono chothandiza othawa nkhondo akufuna mnyamata wodziwa Chiyao, Chipwitikizi ndi Chingerezi, woti azilemba zimene odwala akunena, koma afuna wa pepala. Anatembenukira kwa mphwake n'kumuuza m'Chiyao kuti mawa avale malaya oyera.

Jafali anagwira ntchito imeneyo mpaka mtendere utabwera, kenaka anawoloka ndi amayi ake kubwerera kwawo. Sindinamuonenso. Amene mumandifunsa chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili pa udindo wotsika kuposa anzanga amene tinayamba limodzi, chifukwa chake n'chimenechi. Kalata ija ndinailemba ndekha, ndipo palibe anandikakamiza.